Frangipani kumaiko ozizira: uthenga kwa ana athu osamalira maluwa ku Joni

Akonzi,

Ndikupempha kuti mundipatseko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi abale athu ochokera kuno ku Mangochi amene akugwira ntchito yosamalira maluwa ku South Africa ndi kumaiko ena ozizira, komanso ndi anzathu okhala kumapiri m'dziko lathu lomwe lino. Nkhani yanga ndi ya mtengo wa maluwa onunkhira umene ambiri amaudziwa ndi dzina loti frangipani, ndipo m'mabuku a zomera umalembedwa kuti plumeria. Kuno kunyanja mtengowu umakula popanda wina kuuvutikira, koma ukapita kumene kumagwa chisanu umafera m'manja mwa anthu oukonda, ndipo kawirikawiri chimene chimaupha si chisanu chokha ayi, koma madzi amene amauthirira pa nthawi imene sukufuna kumwa.

Ndagwira ntchito ya maluwa kwa zaka zambiri pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja, ndipo tsopano ndimafesa ndi kugulitsa mbande pakhomo panga. Aliyense wa m'boma lino akudziwa kuti mabanja ambiri ali ndi mwana ku Joni, ndiponso kuti ntchito imene anyamata ambiri amayamba kuipeza akafika kumeneko ndi yosamalira kapinga ndi maluwa pakhomo pa bwana. Ikafika miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, ana a alongo anga ndi anzawo amanditumizira zithunzi pa WhatsApp, kufunsa malume awo chochita poti mtengo wa abwana ukufa. Zithunzizo zimafanana: nthambi zopanda tsamba, nsonga zakuda ndi zonyala, ndipo pansi pa mtengo dothi lili chinyowere chifukwa mnyamatayo wakhala akuthirira m'mawa uliwonse pofuna kuupulumutsa. Zimandimvetsa chisoni chifukwa mnyamata wotere si waulesi, ndipo khama lake lomwelo ndi limene likuika ntchito yake pachiswe. Ndaona kuti m'malo moyankha mmodzimmodzi, ndi bwino ndilembe poyera kuti ndi ena omwe apindule.

Kuti timvetse khalidwe la mtengowu tiyenera kudziwa kwawo. Frangipani si mtengo wa kuno ku Africa. Unachokera ku Mexico, kumaiko a pakati pa America ndi kuzilumba za Caribbean, ndipo dzina loti plumeria linaperekedwa pokumbukira Charles Plumier, mmonke wa ku France amene anali katswiri wa zomera, yemwe anayendera zilumbazo kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 ndipo anamwalira mu 1704. Kuchokera kumeneko unafalikira m'maiko otentha a dziko lonse. Ku Hawaii unafika mu 1860 ndipo maluwa ake ndi amene amatungidwa kukhala nkhata za m'khosi zolandirira alendo, pamene ku Nicaragua ndi ku Laos ndi duwa la fuko. Koma chofunika kwa mlimi n'chakuti madera ambiri a kwawo kwa mtengowu ali ndi nyengo yaitali yopanda mvula, monga mmene zilili kwathu kuno. N'chifukwa chake nthambi zake n'zonenepa ndi zofewa, zodzaza madzi ndi utomoni woyera. Umasunga madzi m'thupi mwake, ndipo mvula ikaleka umagwetsa masamba n'kupuma, monga umachitira mlambe umene tonse a ku Mangochi tinakula tikuuona uli mbulanda mwezi wa Ogasiti popanda wina kuganiza kuti wauma.

Kwathu kuno zonsezi zimachitika zokha. Tili m'chigwa, pamalo osakwera kufika mamita 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo ngakhale mwera uombe mu Juni ndi Julayi mpaka asodzi kuopa kulowa panyanja, kuzizira kwake sikufika poundanitsa madzi. Masamba amagwa, dothi lamchenga limakhala louma kwa miyezi ingapo, ndipo palibe amene amasenza ndowa kukathirira mtengo waukulu. Kukayamba kutentha mu Sepitembala ndi Okutobala, kunsonga kwa nthambi kumatuluka timitu ta maluwa, nthawi zambiri masamba asanaphuke n'komwe, ndipo madzulo fungo lake limamveka pabwalo ponse. Fungolo limakula usiku chifukwa mtengowu umaitana agulugufe akuluakulu ouluka mumdima, amene amayenda duwa ndi duwa kufuna timadzi totsekemera timene mulibe m'maluwamo, n'kumanyamula mungu osapezapo kanthu. Choncho mtengowu unazolowera kupuma uli pouma ndi pofunda. Chimene sutha kupirira ndi kupuma uli ponyowa ndi pozizira, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lonse la kumaiko ozizira.

Mzinda wa Johannesburg uli kunja kwa dera lotentha la dziko lapansi, ndipo uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750, kuposa ngakhale tauni ya Dedza. Mvula yake imagwa nthawi yotentha ngati kwathu, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumakhala kouma. Masana a mwezi wa Juni dzuwa limawala bwino mpaka munthu kuvula jekete, ndipo izi zimanamiza mlendo, koma usiku wopanda mitambo ndi mphepo kutentha konse kumathawa, ndipo m'mawa kapinga amapezeka atayera ndi chisanu. Mtengo wa frangipani umaleka kukula kukazizira kufika cha m'ma madigiri 10, ndipo kukafika pa 0 madzi a m'nthambi zake zanthete amaundana n'kuphulitsa minofu ya m'kati. Dzuwa likatuluka nsongazo zimasungunuka, zimafewa, ndipo pakapita masiku zimada. Kutayika kwa nsonga si nkhani yaing'ono, chifukwa maluwa a mtengowu amatuluka kunsonga kokha, ndipo nthambi imagawikana pawiri kapena patatu pamalo pomwe panatuluka maluwa. Mtengo umene nsonga zake zapsa ndi chisanu ukhoza kukhalabe ndi moyo, koma ungathe kudutsa chaka chonse osaonetsa duwa, ndipo bwana amene anaugula ndi ndalama zambiri chifukwa cha maluwawo amayamba kukayikira wantchito wake.

Komabe mitengo yambiri imene ndimaiona m'zithunzi sinafe ndi chisanu cha usiku umodzi. Inaola kuyambira pansi. Mtengo ukagwetsa masamba umakhala kuti ulibe potulutsira madzi, ndipo mizu yake m'dothi lozizira imaleka kumwa. Madzi onse amene mukuthira amangokhala pamizu, mpweya umasowa m'dothi, ndipo tizilombo toyambitsa kuola timapeza pabwino. Kuolako kumakwera m'kati mwa tsinde pang'onopang'ono, khungwa likuonekabe labwino kunja. Mnyamata akaona nthambi zikuchita makwinya amaganiza kuti ndi ludzu ndipo amawonjezera madzi, osadziwa kuti makwinyawo abwera chifukwa mizu yafa ndipo palibenso chokweza madzi kupita kunthambi. Palinso nyumba zambiri kumene mtengowu unabzalidwa pakati pa kapinga, ndipo mipope yothirira kapingayo imadzitsegula yokha pa nthawi yake chaka chonse. Pamenepo ngakhale wantchito asagwire paipi, mtengo umamwetsedwabe. Malangizo anga ndi akuti masamba akayamba kuchita chikasu, cha mu Epulo kapena Meyi, muchepetse madzi, ndipo akagwa onse musiyiretu kuthirira. Ngati pali mpope wa kapinga umene madzi ake amafika pamtengowo, pemphani abwana kuti utsekedwe kapena utembenuzidwe mpaka kutafunda.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati mtengo uli moyo. Gwirani nthambi ndi zala ziwiri n'kufinya pang'ono. Ikakhala yolimba, ngakhale ili ndi timakwinya, palibe choopsa, ndipo ngati makwinyawo achuluka pamene dothi lauma gwa kwa nthawi yaitali, kapu imodzi kapena ziwiri za madzi zothiridwa m'mawa wa tsiku lofunda n'zokwanira kwa mtengo wa mumphika. Ikakhala yofewa mpaka chala kulowa, ndiye kuti yaola. Mungathenso kubaya khungwa ndi nsonga ya singano: nthambi yamoyo imatulutsa kadontho ka utomoni woyera, ngakhale kakang'ono, pamene yakufa imatulutsa madzi akuda onunkha kapena situlutsa kanthu.

Ntchito yaikulu yoteteza mtengowu imachitika tsiku lobzala. Kwathu kuno dzuwa limadutsa pafupifupi paliwombo, choncho sitiganizira kwambiri za mbali ya nyumba imene tikubzala. Ku South Africa, makamaka m'nyengo yozizira, dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo limakhala lotsika, kotero kuti malo abwino ndi pafupi ndi khoma la njerwa loyang'ana kumpoto, limene limamwa kutentha masana onse n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Kafundidwe kochepa kamene khomalo limapereka ndi kamene kamalekanitsa nsonga yamoyo ndi yopsa. Amene ali ku Ulaya kapena kumpoto kwa America atembenuze mfundoyi, chifukwa kwa iwo khoma lofunda ndi loyang'ana kummwera. Pewani kumunsi kwa bwalo, popeza mpweya wozizira ndi wolemera ndipo umatsikira kumalo otsika. Aliyense amene analawirirapo kudimba mwezi wa Juni akudziwa kuti kudambo kumazizira kuposa kumtunda. Mtengowu umafunanso dzuwa la maola osachepera 6 pa tsiku kuti uchite maluwa, choncho kuubisa pansi pa mtengo waukulu kungautchinjirize ku chisanu koma kumaulanda maluwa.

Mitengo ing'onoing'ono imene ili kale m'nthaka iyenera kufunditsidwa usiku umene a zanyengo alengeza kuti kugwa chisanu. M'masitolo a zamaluwa kumeneko amagulitsa nsalu yoyera yopepuka yopangidwira ntchito imeneyi, koma ziguduli kapena bulangeti lakale zimathandizanso. Zikani timitengo mozungulira kuti chofundacho chisalemere pansonga, chifike mpaka pansi kuti chitsekere kutentha kochokera m'nthaka, ndipo muchivundukule dzuwa likakwera. Pepala la pulasitiki lokhudza nthambi n'loipa, chifukwa kuzizira kumadutsa pomwe lakhudzapo, ndipo masana limasunga chinyezi.

Kumene chisanu chimabwera mwamphamvu chaka ndi chaka, monga ku Bloemfontein ndi m'zigwa za ku Gauteng, nzeru ndi kulima mtengowu mumphika kuti uzitha kusamutsidwa. Mphika wadothi wootcha ndi wabwino kuposa wapulasitiki chifukwa umapuma, ndiponso ndi wolemera kotero kuti sugwa ndi mphepo mtengo ukakula mutu. Usakhale waukulu kwambiri, popeza mizu ya frangipani ndi yochepa poyerekeza ndi thupi lake, ndipo mphika waukulu umasunga madzi amene mizuyo singathe kuwamaliza. Pansi pakhale mabowo otseguka, mbale imene ambiri amaika kunsi kwa mphika ichotsedwe m'nyengo yozizira, ndipo mphikawo ukhale pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka momasuka. Dothi likhale lotaya madzi msanga. Ine ndimasakaniza mofanana mchenga wokhakhala wa kumtsinje, manyowa owolerana bwino ndi dothi la pamwamba, kenaka ndimawonjezera zidutswa za makala kapena za njerwa zootcha. Amene ali kunja angagule timiyala toyera topepuka totchedwa perlite, timene timagwira ntchito yomweyo. Muyeso wake ndi wakuti mukathira madzi ayenera kutuluka pansi inu musanachoke pamalopo. Dothi lamakande, limene limamata likanyowa n'kung'aluka likauma, musaliyandikitse konse. Meyi akafika, mphikawo upite pakhonde lofoleredwa loyang'ana kumpoto kapena m'galaja, ndipo ukhale komweko mpaka chisanu chitatha.

Amene ali ku Durban alibe chodandaula, chifukwa kumeneko n'kofunda ndi kwachinyezi ndipo mtengowu umakula m'mabwalo ngati kwathu. Ku Cape Town ndi kumene kukufunika maso. Chisanu chenicheni sichibwera kawirikawiri m'madera a m'mbali mwa nyanja, koma mvula yawo imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndendende nthawi imene mtengowu ukufuna kuuma. Kumeneko mdani si wantchito wothirira koma mitambo. Mtengo ubzalidwe pachulu chokwezedwa cha dothi lamchenga kuti madzi azitsetsereka, kapena pansi pa mlomo wa denga pamene mvula sifika kwambiri, ndipo wa mumphika ulowetsedwe pakhonde. M'chilimwe chawo, chimene n'chouma ndi cha mphepo yamphamvu, ndi pamene ndowa ikufunika, pamodzi ndi mtengo wochirikiza kuti nthambi zisathyoke, popeza n'zosalimba.

Kwa abale amene ali ku London ndi mizinda ina ya ku Ulaya, kapena kumpoto kwa America, ntchito ndi yokulirapo. Miyezi yawo ndi yotembenuka: kuzizira kumayamba cha mu Okutobala, kumafika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo chisanu chingathe kubwererabe mu Epulo. Chakumapeto kwa Disembala tsiku la ku London silikwanitsa maola 8 kuchokera kutuluka mpaka kulowa kwa dzuwa. Mtengo wa frangipani ungakhale panja kuyambira Juni mpaka Sepitembala basi, ndipo uyenera kulowa m'nyumba usiku usanayambe kuzizira kufika pansi pa madigiri 10. Alimi a ku America, kumene kuli bungwe la okonda mtengowu lotchedwa Plumeria Society of America limene linayambira ku Houston mu 1979, amachita chinthu chimene chingadabwitse munthu wosadziwa. Amadula masamba otsala, ena amazula ndi mtengo womwe n'kukutumula dothi kumizu, kenaka amauimika m'galaja mouma kwa miyezi ingapo popanda kuuthirira, ngakhale mulibe kuwala. Mtengowo umakhala moyo ndi madzi a m'thupi mwake. Chofunika n'chakuti chipindacho chisazizire mpaka kuundanitsa madzi, ndipo mizu isagone pa simenti yozizira koma pathabwa kapena pakatoni.

Ambiri amausunga pazenera la chipinda chochezera chimene chimatenthetsedwa usana ndi usiku, ndipo pamenepo mtengo sugona komanso sukula bwino. Umatulutsa masamba ofooka chifukwa chosowa dzuwa, ndipo mpweya wouma wa m'nyumba umachulukitsa akangaude ang'onoang'ono ofiira, omwe aja alimi a tomato amawadziwa bwino, amene amayamwa kunsi kwa tsamba mpaka kuliumitsa. Chipinda chozizirira pang'ono ndi chouma n'chabwino kuposa chofunda. Ndinenenso mosabisa kuti ku Britain, kumene ngakhale chilimwe sichitentha mokwanira, maluwa amavuta kupeza popanda nyumba yagalasi kapena zenera lalikulu loyang'ana kummwera, ndipo munthu asadziimbe mlandu ngati mtengo wake ukungopereka masamba.

Nthawi yoopsa yachiwiri ndi ya kudzuka kwa mtengo. Ku Johannesburg masana amayamba kufunda mu Ogasiti ndipo mtima umathamangira kukatenga paipi, koma usiku umakhala ukuzizirabe ndipo dothi silinafunde. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musayang'ane kalendala, yang'anani nsonga ya nthambi: ikayamba kunyezimira n'kutulutsa timasamba tosongoka tofiirira, kawirikawiri cha mu Sepitembala kapena Okutobala, thirani madzi kamodzi mokwanira, ndipo musathirenso mpaka dothi litauma kufika pamene chala chimalekeza. Masamba akamakula, madzi aziwonjezeka nawo, ndipo pakati pa chilimwe mtengo wa masamba ambiri umamwa ndithu. Umene unali m'galaja usatulutsidwe molunjika padzuwa lamasana, chifukwa khungwa lake limapsa. Uyambe ndi dzuwa la m'mawa kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kuutulutsa msanga kukadali kozizira ndi kwachinyezi kumabweretsanso nthenda imene imadetsa nsonga zongophuka kumene n'kuzifotetsa.

Pa nkhani ya feteleza tili ndi chizolowezi cha kumunda wa chimanga chimene sichithandiza pano. Urea ali ndi nayitrojeni wokwana 46 pa 100 iliyonse, ndipo akathiridwa pa frangipani amatulutsa nthambi zazitali zanthete ndi masamba ambiri koma maluwa ochepa, ndipo nthambi zanthete zoterozo ndi zimene zimayamba kupsa chisanu chikabwera. Ku South Africa kuli feteleza wolembedwa 3:1:5, wopangira maluwa ndi zipatso, ndipo ameneyo pang'ono pokha amakwanira. Muyambe kuthira masamba akatuluka, ndipo muleke pofika Malichi kuti nthambi zikhwime nyengo yozizira isanafike. Ufa wachikasu wonga dzimbiri umene umaoneka kunsi kwa masamba kumapeto kwa mvula usakuchititseni mantha, chifukwa supha mtengo ngakhale umagwetsa masamba msanga. Tolani masamba ogwawo n'kuwataya kutali, osawaika pa kompositi.

Ngati nsonga zapsa kale ndi chisanu koma kuolako sikukutsika, musafulumire kudula, chifukwa bala latsopano m'nyengo yozizira ndi khomo la matenda. Dikirani kufunde. Koma mukaona kuti kufewa kukutsika tsiku ndi tsiku, dulani nthawi yomweyo ndi mpeni wakuthwa wotsukidwa ndi spiriti, pang'onopang'ono kutsika nayo nthambi, mpaka mutafika pamene m'kati mwayera popanda kadontho kakuda. Dulani mopendeka kuti madzi asakhale pabalapo. Utomoni wa mtengowu umayabwa pakhungu ndipo ndi woopsa m'maso, choncho valani magolovesi, sambani m'manja ndi sopo mukamaliza, ndipo ana asaseweretse nthambi zodulidwa. Ngati tsinde laola pansi koma nthambi za m'mwamba zidakali zolimba ndi zoyera m'kati, ziduleni kuti zikhale mbewu, ndipo mukatero mtengo wa abwana sunatayike wonse.

Kubzala nthambi ndiyo njira imene ndimalimbikitsa, chifukwa mtengo wochokera ku njere umatenga zaka zitatu kapena kuposerapo usanachite maluwa, ndipo maluwawo sakhala ofanana ndi a mayi wake. Sankhani nthambi yokhwima, yotuwa khungwa, yotalika masentimita 30 mpaka 45. Chotsani masamba, kenaka muiike pamthunzi pouma podutsa mphepo kwa sabata imodzi kapena ziwiri mpaka podulidwapo pataumiratu n'kuchita chipsera cholimba. Apa ndi pamene ife ozolowera chinangwa timafulumira, chifukwa timafuna kudula ndi kuzika tsiku lomwelo, ndipo nthambi ya frangipani yozikidwa ndi bala laliwisi imaola isanatulutse muzu. Izikeni masentimita 5 mpaka 8 okha m'dothi lamchenga, ichirikizeni ndi kamtengo kuti isagwedezeke, thirani madzi kamodzi, ndipo musiye mpaka masamba awiri kapena atatu atatambasuka, zimene zimatenga pafupifupi miyezi iwiri. Mizu imafuna dothi lofunda, choncho kuno nthawi yabwino ndi Sepitembala ndi Okutobala mvula isanagwe, ku Johannesburg ndi kuyambira Okutobala mpaka Disembala, ndipo ku Ulaya ndi Meyi ndi Juni. Nthambi yobzalidwa kumapeto kwa chilimwe imakumana ndi kuzizira ilibe mizu yokwanira.

Pali pempho limene ndimalikana nthawi zonse, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake. Achinyamata akabwera kudzaona makolo amandipempha nthambi kuti aikulunge m'chikwama pobwerera, poti nthambi yamtengowu imatha kukhala milungu yambiri osafa. Kudutsitsa zomera pachipata cha dziko, kaya ndi ku Beitbridge kapena pabwalo la ndege, kumafuna chilolezo cha dziko limene mukupita ndi chikalata cha akatswiri a boma chotsimikizira kuti mbewuyo ilibe matenda. Lamuloli silinaikidwe pofuna kuvutitsa anthu. Ife Amalawi tinaona mmene matenda a chisaka anasakazira nthochi ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay, ndipo njira imodzi imene anafalikira inali mphukira zimene anthu ankapatsana ndi mtima wabwino. Mitengo ya frangipani ikugulitsidwa m'malo ogulitsira mbande ku South Africa konko, ndipo woyandikana naye nyumba akamadulira wake sakana kupereka nthambi. Chimodzimodzinso pobwera kuno: musatibweretsere mitundu yatsopano mobisa m'katundu.

Zonse ndalembazi zikukhudzanso kwathu. M'boma lathu lomweli, munthu akakwera phiri kupita ku Namwera amamva kusintha kwa mphepo, ndipo makasitomala anga ochokera ku Dedza, kumapiri a Ntcheu ndi ku Mzimba ndimawauza kuti mbande imene agula kunyanja ikupita kudziko lina. Kumeneko ikule pafupi ndi khoma lowombedwa dzuwa, kutali ndi dambo, pachulu cha dothi losasunga madzi. Ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre, chiperoni chimabweretsa kamvula ndi nkhungu m'miyezi yozizira, ndipo nthambi zongobzalidwa kumene ziyenera kukhala pakhonde kufikira nyengoyo itadutsa. Pamwamba pa Nyika, pamene chisanu chimayeretsa udzu mu Juni ndi Julayi, mtengowu sungakhale panja.

Kwa inu ana athu amene muli pantchito, chinthu chimodzi chimene ndikukupemphani ndi kulankhula ndi abwana anu nthawi idakalipo. Eni nyumba ambiri sadziwa khalidwe la mtengowu, ndipo akaona nthambi zopanda masamba ndi dothi louma amaganiza kuti wantchito wanyalanyaza. Muwafotokozere mu Epulo, masamba adakali pamtengo, kuti agwa posachedwa, kuti musiya kuthirira mwadala, kuti mukufuna nsalu yofunditsira ndi malo pakhonde kapena m'galaja, ndiponso kuti nsonga zidzaphukanso cha mu Okutobala. Ngati mpope wa kapinga sungatsekedwe, apempheni kuti mtengowo usamutsidwe kukayamba kufunda, upite pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto.

Ine wanu,
Mlimi wa maluwa,
Mangochi.